Nkhope ya Amayi, Impso za Bambo

Lachiwiri, 9 Meyi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino, ngakhale makalata anga awiri apitawo simunayankhe. Sindikudandaula, ndikungofuna mudziwe kuti ndinaona. Ndikulemba ndili m'khonde la chipatala, pepala lili pabondo, ndiye zilembo zikapindika musandiseke. Mzime wathu ali m'kati, pa makina osefa magazi. Amagonapo maola anayi, katatu pa sabata, chilekereni impso zake kugwira ntchito chaka chatha. Thupi latha, koma pakamwa mpomwe paja. M'mawa uno wauza namwino kuti singano yake ndi yobuntha kuposa yanga yosokera matumba.

Munamva kuti ndinadzipereka kumupatsa impso imodzi. N'zoona, ndipo palibe anadabwa, poti banja lonse limadziwa kuti ine matenda a bambo sandikhudza. Mukukumbukira amene anagamula zimenezi. Tsiku lija titaika bambo, azakhali anatiimika atatufe pabwalo n'kumatiyang'ana mmodzimmodzi ngati akusankha mbewu. "Uyu ndi mayi ake enieni, wapulumuka," anatero atandigwira chibwano. "Koma awiriwa, taonani chipumi, taonani mpata wa mano. Mlongo wanga yemweyo. Impso za kwathu sizikalamba." Agogo anapita choncho, bambo anapita choncho, ndiye akanatsutsa ndani? Mzime atayamba kutupa miyendo tinangoti azakhali ananena.

Mwezi watha anandiitana kukapimidwa. Ndinatchena, ndikudzimva kuti mpulumutsi ndine. Anandigoneka, kundipaka mafuta ozizira pamimba, n'kuyendetsapo kachipangizo kaja amaonera ana osabadwa. Ndinamuuza wojambulayo kuti pa msinkhu wanga uno asandipezere mapasa. Sanaseke. Anatuluka kukaitana adokotala.

Achimwene, ndili nawo. Impso zanga zonse ziwiri zili ndi timatumba ta madzi, tina tofanana ndi mabatani a malaya. Zikugwirabe ntchito, mwina zindisunga zaka zambiri, koma yopatsa munthu palibe.

Mukundidziwa, ndinakangana nawo. "Adokotala, makina anuwa alakwitsa. Ine ndinatengera amayi, funsani aliyense."

Adokotalawo ndi mayi wachikulire, wofatsa. Anatembenuza pepala la zotsatira n'kuyamba kujambula kumbuyo kwake.

"Mayi, m'kati mwa impso muli timapaipi tambirimbiri tosefa madzi," anatero. "Khoma la kapaipi kalikonse ndi lomangidwa ndi timaselo, tizipinda tamoyo tosaoneka ndi maso. Kaselo kalikonse kali ndi kachitseko ka puloteni, ife timakatcha polisisitini. Kakatseguka mumadutsa kashiamu, yemwe uja amalimbitsa mafupa, ndipo ndi amene amauza kaselo kuti basi, paipi yakwana, usaswanenso. Kwanu kachitsekoka ena mumabadwa nako kolakwika. Uthenga sufika, timaselo timangoswana, paipi n'kufufuma mpaka kusanduka thumba."

"Nanga nkhope yangayi?"

"Nkhope imatengera njira yake, kachitseko njira yake. Mwana aliyense wa kholo lodwala akhoza kutengera kapena ayi, theka ndi theka. Chipumi sichichitira umboni impso."

Pobwerera m'basi ndinalira, ndipo sindikubisirani, poyamba ndinkadzilirira ndekha. Titadutsa masiteji awiri m'pamene munandifikira m'mutu. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi mwakhala mukudikira imfa ngati ya bambo. Simunapiteko kukapimitsa, munkati chodziwika kale sapima. Simunamange nyumba, simunakwatire. Zonsezi chifukwa cha chipumi ndi mpata wa mano.

Tsopano ndiulule chimene ndakhala nacho pakhosi zaka zonsezi. Aphunzitsi aja munkafuna kukwatira sanangosintha maganizo okha. Ndine ndinawasintha. Anabwera kushopu kwanga kudzayesa diresi laukwati. Nditagwada, ndikupinda m'mphepete, mapini ali pakamwa, ndinawauza kuti, "Mlamu, diresili ndikusokerani, koma musungiretu nsalu yakuda. Achimwene ndi bambo enieni, safika nanu patali." Ndinkadziona wachilungamo, wochenjeza mkazi mnzanga. Diresi lija sanabwerenso kudzatenga. Inu munalongedza makina anu owotcherera zitsulo n'kupita kutaliko, mukuganiza kuti mtsikana wakukanani chabe. Ndinakukwirirani muli moyo, ine amene ndimayenda ndi matendawo m'mimba. Pakamwa panga panalibe mlonda. Ndikuchita manyazi, ndipo sindikudziwa ngati chotere chimakhululukidwa.

Pempho langa ndi ili: kapimitseni. Sizipweteka, sizitha ndi theka la ola. Adokotala akuti pa msinkhu wanu, akapanda kuona timatumba ndiye kuti kachitseko kanu n'kabwino, matendawa anakulambalalani. Ndikanakonda ndinene kuti ndikupempha chifukwa cha inu nokha, koma ndanama mokwanira. Ndikufunanso impso ya Mzime. Mitsempha ya m'mikono mwake ikutha ndi masingano, ndipo anamwino ayamba kufufuza pobaya pena. Kwa amayi kulibe wotsala wa msinkhu woyenera. Amuna anga, alamu anu, anadzipereka, magazi sanagwirizane. Mwatsala ndinu, munthu amene tinamuwerengera kumanda.

Mzime sindinamuuze. Anagula nsalu ya maluwa achikasu kuti ndisoke zovala zogonera ziwiri zofanana, akuti tikagone m'chipinda chimodzi ngati mapasa, anamwino asokonezeke. Ndinadula, koma makina ndikulephera kupalasa. Akandifunsa za tsiku la opaleshoni ndimati madokotala atanganidwa. Loweruka ndimuuza, poti bodza lilibe mwendo ndipo iye si mwana.

Alamu anu akupereka moni, ndi okhawo amene akudziwa zonsezi. Ana anga atatu akuti moni amalume. Dzulo ndinadzipeza ndikuwasuzumira kumaso pamene akudya, kufuna kuona amene wanditengera, mpaka wamkulu anafunsa ngati wadetsedwa pamphuno. Ndinatuluka panja. Akakula adzapimidwa, ndipo palibe adzawaimike pabwalo.

Azakhali nawonso akupereka moni. Chaka chino akwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu, ali ndi chipumi chomwecho ndi mpata wa mano womwewo, impso zili gwa. Zaka zonsezi timawayang'ana osaona.

Makina alira, namwino akundikodola kuti ndikamuthandize Mzime kudzuka. Ndamuuza polowa kuti ndikulembera inu, ndiye wati, "Uwauze achimwene asamaope. Sizipweteka kwambiri ngati mmene bambo ankaonetsera, ndipo nthawi yawo ikafika ndidzawaphunzitsa ndine." Mpaka lero akukudandaulirani inu.

Akakupezani mulibe, achimwene, impsoyo ndi yanu, ndipo mukakana sindidzakuimbani mlandu. Mukhale ndi moyo umene ndinakulandani, ngakhale mochedwa. Akakupezani nawo, bwerani kwathu basi. Musakadwalire kwa eni.

Ndine mlongo wanu wokulakwirani,

Telala