Theka la Sangweji ya Atate

Lubuto, Ndola
12 Disembala

Wokondedwa mlongo wanga Joel,

Landira moni kuchokera kuno ku Lubuto. Uli bwanji ku Joni kumeneko? Msana uja unasiya kupweteka? Ife kuno tili bwino. Mvula ikugwa mokwanira, chimanga cha kuseri kwa nyumba chafika m'mawondo, ndipo atate akumwa mapiritsi awo a BP osakangana nane kwambiri.

Usadabwe kuti ndakulembera kalata foni ilipo. Ndakuimbira katatu kuti ndikuuze nkhaniyi, koma ukangoyankha, ine ndimayamba kukamba za mvula. Ndiye ndapatsira Sammy, dalaivala wa thiraki uja, kuti akupatse pamanja. Uwerenge uli wekha, ndipo ufike mpaka kumapeto.

Zonse zinayamba ndi sangweji. Azimayi a kumphakati kwathu, kagulu kathu ka kutchalitchi kaja, anagwirizana kuti pa Khirisimasi ya chaka chino ana asangodya mpunga ndi nkhuku, pakhalenso china chachilendo. Ine ndi pakamwa panga paja ndinati sangweji ndimaidziwa, poti ndimaona amayi Gertrude akupanga ku Kansenshi komwe ndimachapa ndi kusita. Yoyamba kupanga ndekha inanyowa ngati yagwera m'beseni.

Ndinakawafunsa amayi Gertrude, ndipo anandiululira. Tomato ukadula umayamba wamupukuta madzi ndi kansalu koyera. Buledi umapaka kotapela, ndiye kuti peyala lakupsa, mbali zonse ziwiri kuti asanyowe, kenako letesi, tomato, dzira lowiritsa, karoti wopala, nkhaka, ndi kamchere pang'ono. Pomaliza umadula mopingasa kuti mitundu ioneke, kufiira, kubiriwira, chikasu. Nditaidula bwino koyamba ndinangoima n'kumaiyang'ana, kuidya ndikuchita nayo chisoni.

Wolawa wanga anali atate. Tsiku loyamba anavundukula buledi wapamwamba, n'kusuzumira m'kati, n'kundifunsa ngati makala atha, kapena ndayamba kuwaona ngati mbuzi. Koma anadya. Anadya theka lokha, theka linalo anakulunga papepala n'kuika m'thumba la jekete.

Mawa lake chimodzimodzi, mkuja wake chimodzimodzi. Nditawafunsa anati adya nthawi ina. Koma ikangokwana 14 koloko masana ankavala chipewa n'kutuluka, ndipo pobwera thumba linali lopanda kanthu. Umandidziwa iwe, chinthu chikandisautsa m'mutu ngakhale chakudya sichitsika. Ndinaganiza kuti mdala wapeza chibwenzi, poti amayi anatisiya zaka zitatu zapitazo. Sindinakwiye ayi, ndinkangofuna kuona mayi amene amakopeka ndi theka la sangweji.

Lachinayi ndinawatsatira. Anakwera minibasi ya ku Twapia n'kukhala kutsogolo ndi dalaivala, ine ndinafunda chitenje kumutu n'kukadzipanikiza kumpando wakumbuyo. Atatsika anayenda molunjika mpaka pathebulo lina la tomato ndi anyezi pafupi ndi msika. Mayi wogulitsayo anawagwadira. Kenako kamtsikana ka zaka zisanu kanatulukira kuseri kwa thebulo kakufuula kuti ba shikulu, ba shikulu, ndiye kuti agogo m'Chibemba, n'kupisa dzanja m'thumba la jekete popanda kupempha.

Joel, mayiyo anali Priscah, chibwenzi chako chija. Ndipo mwanayo, dzina lake Lulu, ali ndi makutu ako otambasuka aja, ndi mpata wa mano wako womwe uja. Ndinakhala pansi pa khonde la shopu ya eni ake.

Tsopano ndikuuze chimene ndakhala ndikulephera kunena pafoni. Mwezi umene unanyamuka kupita ku Joni, Priscah anabwera pageti pathu ali ndi mimba ya miyezi inayi. Nambala yako ya kuno inali itasiya kugwira, ndipo ankapempha yatsopano. Amayi anali m'chipatala, atate ali nawo konko, panyumba ndinali ndekha. Nambala ndinali nayo. Ndinamuuza kuti tilibe, kuti wapeza kale mkazi wina kumeneko, ndipo apite akafune mwini wake weniweni wa mimbayo.

Ndinanama, mlongo wanga. Ndinkaopa kuti ukamva ubwerera usanapeze n'komwe ntchito. Komanso, ndinene zoona, mtsikanayo sindinkamukonda, chifukwa chongoti si wa kwathu ndipo Chinyanja chathu ankachilankhula mokhota. Anandiyang'ana, sanalire, anangotembenuka n'kumapita. Sindinauze munthu aliyense, ndipo iwe utandifunsa za iye ndinati anasamukira ku Kasama. Ndikuchita manyazi kwambiri polemba zimenezi.

Atate anali atandiona kalekale, kuyambira m'minibasi momwe. Anandikodola ndi dzanja n'kunena kuti chitenje cha malemu mkazi wawo sangachisokoneze ndi cha munthu wina. Priscah anandipatsa moni mwaulemu ngati sitinakumanepo.

Pobwerera atate anandifotokozera. Anakumana ndi Priscah ndi mwanayo mu Seputembala pamzere wa kukiliniki, ataona makutu a mwanayo anafunsa okha kuti bambo ake ndani. Priscah anawauza zonse, ndi za ine zomwe. Taganiza, miyezi itatu akudya chakudya changa, osandiuza ngakhale liwu limodzi! Anati ankadikira kuti aone ngati ndidzanena ndekha.

Ndinawafunsa za thekalo, chifukwa chiyani sanangondiuza kuti ndipange ziwiri. Anandifunsa ngati ndaiwala kampompo. Ukukumbuka banzi lija ankapatsidwa kumgodi tikukhala ku Kitwe? Ankadya theka pansi pa mgodi, theka linalo linkabwera kunyumba m'thumba la ovolosi, la mwana wamng'ono pa onse. Linali langa mpaka iwe utabadwa n'kundilanda, ndipo unkawadikira pageti ndi kabudula wako wong'ambika uja. Anati chigwirireni ntchito sanamalizepo buledi m'banja muli mwana wamng'ono, ndipo sangayambe lero atakalamba. Anatinso chogulira mwana n'chogulira mwana, koma chimene wachotsa pakamwa pako n'chimene chimamuuza kuti ndi wa m'nyumba mwako.

Lamlungu titachoka ku Misa ndinapita ndekha ku Twapia, ndinakagwada pamaso pa Priscah anthu akuona. Sananene kuti wandikhululukira. Anangoti wamva. Kenako anandisankhira tomato wolimba, akuti wofewa ndi amene amanyowetsa buledi. Sanapemphe kalikonse, ndipo za iwe sanafunse. Amene amafunsa ndi mwanayo.

Ndinali nditatenga sangweji yathunthu ya Lulu. Ndinakhala n'kumamuonerera akudya, chifukwa amadya ngati iwe, kuyamba kusolola nkhaka n'kuidya payokha. Atafika pakati anasiya, n'kukulunga chotsalacho papepala, n'kuika m'thumba la diresi lake. Ndinamufunsa ngati wakhuta. Anapukusa mutu, anati chimenecho ndi cha ba tata ake, akabwera kuntchito adzapeze.

Priscah anandinong'oneza kuti mwanayo wakhala akuchita zimenezi chiyambire pamene atate anamuuza za kampompo, ndi kuti bambo ake ali kuntchito yakutali. Ngakhale theka limene agogo ake amamubweretsera lija amalinyemanso pawiri. Madzulo aliwonse amayi ake amachotsa kanyenyeswako m'thumba nyerere zisanalowe, ndipo m'mawa mwanayo akapeza m'thumba mulibe kanthu amafunsa ngati bambo ake anabwera iye ali m'tulo.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ine undikwiyire mmene ungafunire, ngakhale usandilankhule chaka chathunthu, ndi zondiyenera. Koma bwera pa Khirisimasi. Atate aitana Priscah ndi Lulu kudzadya kwathu, ndipo anena kuti mwanayo adzakhala pafupi ndi iwo. Ngati kuntchito sakulola, imba foni. Nambala ya Priscah ndalemba kuseri kwa pepalali. Yako sindinam'patsebe chifukwa ndimafuna umve kaye kwa ine, koma tsiku la Khirisimasi Misa ikangotha ndidzam'patsa, uyankhe usayankhe. Ndinam'mana kamodzi, sindibwerezanso.

Sindikudziwa kuti uchita chiyani ukamaliza kuwerenga, ndipo zimenezi zikundidetsa nkhawa. Koma m'mawa wa tsikulo ndidzapanga masangweji a ana onse a kumphakati, ndipo Lulu adzasiya theka lake monga mwa masiku onse. Chonde, tsiku limeneli lokha, lisachotsedwe m'thumba ndi amayi ake.

Upereke moni kwa a Zacharia amene ukukhala nawo, ndi banja lawo lonse. Atate akuti uwabweretsere chipewa china, chakale chija mvula yachimaliza. Ambuye akusunge pantchito ndi panjira, akufewetsenso mtima.

Ndine mlongo wako amene anakulakwira,
Hellen