Lumo la Ababa Labenthuka

Lachitatu, 9 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Khalani pansi kaye, ndili ndi nkhani yabwino komanso milandu iwiri yoti ndiulule.

Pafoni ndinkakuuzani kuti Ababa akupezako bwino. Ndinkanama, mundikhululukire. Chiwagwireni sitiroko ija, miyezi inayi yathunthu, sanatulutse mawu ngakhale amodzi. Adokotala anati lilime lilibe vuto lalikulu, kungoti munthuyo wataya mtima. Ankangokhala pawindo, chakudya n'kumangochitosa, ndevu zili nyankhalala, munthu amene anameta anthu zaka makumi atatu! Ndikabwera ndi kalezala kapulasitiki ankatembenukira kukhoma. Ndinkaopa kuti atisiya ali chete chomwecho.

Ndiye ndinatsegula kabokosi kawo kaja tinkaletsedwa kukhudza. Lumo lawo lopinda, la chigwiriro cha nyanga, limene anati lidzakhala lanu, linali litachita dzimbiri. Ndinalikwecha ndi sandipepa ndi mafuta masiku atatu mpaka linayera. Kenako ndinanyika mwala wonolera m'madzi n'kukhala pakhonde, pafupi ndi windo lawo.

Mlandu wachiwiri ndi uwu: ndinalinola ngati mpeni wakukhitchini. Ndinadzutsa msana wake m'mwamba n'kumakanikiza ndi mphamvu zanga zonse. Si pachabe munanditcha Chiphwanyambale. Kunsonga kwa lumolo kunabenthuka.

Pomwepo ndinamva kugogoda pawindo.

"Iwe! Ligoneke!"

Achimwene, mwala unangotsala pang'ono kundigwera paphazi. Ndinathamangira m'chipinda misozi ili mbwembwembwe.

"Ababa, mwalankhula?"

"Ukulipha lumo langa," anatero, mawu akutuluka movutikira. "Bwera nalo kuno."

Anamva ndi khutu lokha kuti ndikulakwitsa. Zimene mankhwala ndi kunyengerera kwanga zinalephera, mkwiyo unazitha!

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala mwana wasukulu. Lumo limagona lonse pamwala, msana ndi kokuthwa komwe, ndipo limayenda mwa kulemera kwake lokha. Ndikangokanikiza amakuwa kuti, "Si nsabwe imeneyo!" Zinanditengera milungu iwiri kuti pobenthuka paja pasalale, kenako anandiphunzitsa kulipukuta pa lamba wachikopa. Mkono wanga wamanzere ulibenso ubweya chifukwa choyeserapo, moti amuna anga akuti azigona atafunda kumutu.

Lamlungu m'mawa ndinawameta. Masaya ndinadutsa bwino, koma nditafika pakhosi ndinaima, kuopa kuwacheka. Iwo anangokweza chibwano n'kutseka maso.

"Meta, mwanawe. Sopo akuuma."

Ndinawacheka pang'ono kunsi kwa khutu, sindibisa. Atadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali, anasisita chibwano n'kunena kuti, "Wometa uyu ndi wachabechabe. Koma ndidzabweranso." Masana anadya mbale yonse n'kupempha china. Ine ndinapita kukalirira kubafa, mtima utakhala pansi koyamba chaka chino.

Lumo lanu lachepako pang'ono, Achimwene. Mukadzabwera mudzandikalipire, ndidzamvetsera mosangalala.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Mukaimba Loweruka, sindiyankha ine. Mukamva kuli zii musadule foni, mudikire. Amachedwa kutulutsa mawu, koma dzina lanu akhala akuliyeserera kuyambira dzulo.

Ndine mlongo wanu,
Chiphwanyambale