Mavarisita a Malume

Lolemba, 13 Januwale

Ndakwiya ndipo sindibisa. Ndangotsegula wekishopu m'mawa, fungo la chopsa kundilandira pakhomo. Malitimita ya pa benchi, mita yoyezera magetsi, yokhayo yodalirika pa fakitale yonse ya tiyi, yapenga. Ikuyaka koma ikuwerenga zamisala. Nditamasula chivundikiro ndapeza mavarisita awiri, timabatani tabuluu tija timameza moto ukabwera mopyola muyeso, ataphulika. Mwaye bolodi yonse ya mkati mwa mita.

Lachisanu ndinaisiya ili bwinobwino. Loweruka ndinali ku tchalitchi, Sabata, kiyi wa wekishopu ali pa msomali kunyumba.

A Vailet, injiniya wathu, sanachulutse gaga m'diwa. "Benard, kiyi mumasunga ndinu. Pofika Lachisanu mita igwire ntchito, ndipo mundiuze amene waiwotcha. Apo ayi, mukupita ku boyila." Ine, kokasenza nkhuni za bulugama!

Lachiwiri, 14 Januwale

Mkazi wanga Fainess waulula. A Stafford, malume ake, kapitawo wa khola la ng'ombe za esiteti, ndiwo anadzatenga kiyi Loweruka. Akuti fensi yamagetsi sinkaluma ng'ombe, ndiye ankafuna kuiyeza. Fensi yomenya mavolti masauzande angapo, mita yothera pa sauzande imodzi! Anainyamula pa thirakitala ngati dzungu, n'kuibweza mwakachetechete.

Ndati kwa mkazi wanga, mukanawakaniza. Iye: "Ndikanize malume? Malo mwamangapo nyumbawa anakupatsani ndani?"

Ukamwini ndi umenewo. Ndikawatchula, pamudzi sipakhalika. Ndikapanda kuwatchula, boyila.

Lachitatu, 15 Januwale

Ndatsuka bolodi ndi sipiriti ndi mswachi wakale. Kachipangizo kena, resisita imodzi, inapsa, ndasintha. Zina zonse zapulumuka, mavarisita anafera anzawo.

Masana a Stafford atulukira, gambutsi zili ndowe zokhazokha, mpaka pa benchi panga. Atulutsa m'thumba mavarisita awiri ozula mu adaputala yakale. "Nazi mkamwini, zabuluu zomwezo. Ikani, nkhani ithe, eti?" Mawu oti pepani, ayi. Ndalandira ndi manja awiri, pakamwa zikomo, mumtima chithupsa.

Atapita ndawerenga: 275, mavolti 275 okha. Anga opsa aja analembedwa 911, ndiye kuti mavolti 910. Ndikaika a malumewa mita iyaka, a Vailet asekerera, koma tsiku loyamba kuyeza mavolti 400 a mafani ofotetsa tiyi aphulikanso, munthu ali chigwirire mawaya. Chikomekome cha mkuyu. Ndawaponya mu dirowa.

Lachinayi, 16 Januwale

Limbe, mvula tsiku lonse. Wogulitsa wina akuti, "Varisita ndi varisita, bwana." Ndinatsala pang'ono kumumwetsa chibakera.

Ndawapeza kwa a Tisungane, mayi wokonza mainiveta a magetsi a dzuwa kuseri kwa msika. Anali ndi aakulu ndi aang'ono, onse 911. Aakulu amameza moto wambiri koma sangakwane pa bolodi, miyendo yatalikirana. Ndatenga aang'ono, msinkhu wa akale aja. Tawayeza kaye pa makina awo kuona ngati sakudontha moto mavolti asanafike. Sakudontha.

Ndawotcherera madzulo ndisanaweruke. Ndayeza batire, soketi, kenako mafani. Manambala ali nji. Mita yachira, ine ayi. Dzina lija likadafunikabe mawa.

Lachisanu, 17 Januwale

A Vailet abwera, ayeza okha, agwedeza mutu. "Chabwino. Nanga dzina?"

Nthawi yomweyo a Stafford alowa, chifuwa patsogolo. "Madamu, mwaona? Zipangizo ndinamupatsa ndine mkamwini wangayu. Pano ngakhale fensi ya kukhola siingaiwotchenso."

A Vailet atembenukira kwa ine. "Fensi? Benard, ndi zoona?"

Ndati, eya madamu. Kenako, poti mkwiyo unali utafika kale pakhosi, ndatsegula dirowa, ndatenga mavarisita awo aja. Ndati, malume, anu sindinaike, akanavulaza munthu. Ndawapatsa ndi manja awiri, monga ndinawalandirira. Awayang'ana, awaika m'thumba, atsatira a Vailet ku ofesi osandiyang'ana.

Ku boyila sindikupita. Koma poweruka a Stafford anali patsogolo panga m'kanjira ka m'tiyi mpaka kumudzi, osacheuka, ndipo apitirira pakhomo pathu osapereka moni. Apongozi aona zonse ali pa khonde.

Ndamufotokozera Fainess dzuwa lisanalowe, ndikudikira kuti alalate. Wapitiriza kusita diresi ya ku tchalitchi. Kenako wadzuka, wachotsa kiyi pa msomali, wazula msomali womwewo ndi pulayala yanga. Kiyi wamumanga pa nsonga ya chitenje chake.

"Mawa tipita naye ku tchalitchi," watero. "Malume akamufuna adzapemphe kwa ine."