Mbama ya pa Mtsutso wa Aphungu

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko?

Ife kuno ku Utale tilipo. Nandolo wabereka bwino, koma chimanga chinapserera ndi ng'amba. Akazi a achimwene a Fabiano ali ndi mwana wamkazi, amutcha dzina lanu. Sindinamunyamulebe, chifukwa pakhomopo anandiletsa kupondapo. Ndikulemba mtima ukuwira, Amayi.

Mwezi watha anthu atatu ofuna uphungu anabwera pabwalo la sukulu kudzachita mtsutso. Itakwana nthawi ya mafunso, ndinakweza dzanja, ndipo anandipatsa maikolofoni. Ndinafunsa aphungu amene ali pampandowa kuti, "Bwana, mlatho munalonjeza uja uli kuti? Mayi anga anamwalirira m'ngolo tsidya lino, tikudikira kuti madzi aphwe tiwoloke kupita kuchipatala."

Asanayankhe, ovala nsalu za chipani chawo anayamba kukuwa. Amene anandilanda maikolofoni ndi mwana wanu Fabiano, yemweyo amene ankayendetsa ngolo tsiku lija. Anandimenya mbama anthu akuona, amvekere, "Ambiri anasankha kale, iwe ndiwe ndani?" Aphunguwo anangomwa madzi a m'botolo, maso ali kumbali.

Ndine ndani? Si ine ndinakutsekani maso?

Chandipweteka koposa mbamayo ndi akuluakulu a mphakati wathu wa ku tchalitchi. Anabwera atatu kudzatiyanjanitsa, akuti ineyo ndipepese kuti pamudzi pakhale mtendere. Ndinawafunsa kuti ndalakwa chiyani. Akuti mafunso otero amagawanitsa anthu. Ndinati iyayi, sindipepesa. Ngati mtendere wake ndi wakuti womenyedwa atseke pakamwa, aukhalire okha.

Paja munkanena tikamakangana kuti, "Mbale zikasiya kugundana, ndiye kuti m'nyumbamo muli njala." Munkatisiya tilankhule mpaka mawu atithere, koma wotukula dzanja ankaona zakuda. Munkatiuzanso mmene munaimira pamzere mimba ya Fabiano ili pakhosi, kukavotera nyali, chizindikiro cha ndale za zipani zambiri, kuti ana anu asadzamanong'one ngati inu. Lero mwanayo akuti kuvota kukatha, pakamwa pazitsekedwa. Ine ndikuti wopambana ndiye woyenera kufunsidwa kwambiri, poti ndi amene wagwira khasu la tonse.

Achimwene sindikudana nawo. Asankhe amene akumufuna, nanenso ndisankha wanga, tikangane mpaka dzuwa lilowe. Koma dzanja lawo alisunge.

Loweruka kuli mtsutso wina. Tapangana azimayi asanu ndi awiri, ena mwa iwo ndi a chipani chomwecho cha achimwene, poti nawonso amawoloka mtsinje womwewo. Tikakhala motalikirana. Akandilanda maikolofoni, Anaphiri akafunsa funso lomwelo. Akawalanda, akafunsa Abiti Saidi. Tikaone ngati mbamazo zikatikwanire tonse.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndikulonjeza kuti sindikachokapo osayankhidwa.

Ndine mwana wanu,
Velonika