Mawaya afika pachitsime pathu

Lolemba, 6 Okutobala
Kwabwera anthu a zipewa zachikasu. Akhoma zitsulo pansi, mzere umodzi kuchokera kumtaya wa zinyalala mpaka pachitsime pathu, n'kuzilumikiza ndi mawaya. Bambo akunyumba ati kaya magetsi atikumbukira tsopano.

Lachiwiri, 7 Okutobala
Si zotiunikira ayi. Ndafunsa mayi wina amene amagwira makina olumikizidwa ku mawayawo. Akuti amalowetsa magetsi m'nthaka. Pamene pali madzi oipa otsika kumtaya magetsiwo amadutsa mosavuta, ndiye makina amajambula kumene uvewo walowera pansipa. Anayang'ana chitsime, kenako mimba yangayi.
"Mumamwa omwewa, mayi?"
Ndati eya, chikwatiwire. Anangoluma mlomo.

Lachitatu, 8 Okutobala
Ndatunga madzi, ndanunkhiza. Oyera mbee, fungo palibe. Bola akananunkha.

Lachinayi, 9 Okutobala
Mayi uja wandionetsa pakompyuta. Nthaka yofiira ndi yachikasu, pakati pake chililime chabuluu chochokera kumtaya. Nsonga yake ili pansi pa chitsime chathu penipeni. Ndinafunsa ngati buluu si madzi abwino. Anapukusa mutu. Akuti mwina ndi dongo lonyowa chabe, atenga botolo akayeze, koma ndisamwenso, ngakhale owiritsa.

Bambo atamva analusa. "Chitsime ndinakumba ndi manja angawa! Wafa ndani?" Anatunga kapu yodzaza, n'kugugudiza maso ali pa ine.

Lachisanu, 10 Okutobala
Mwana m'mimbamu sanagunde chiyambire m'mawa. Ndagona chammbali, ndamusisita, ndamuyankhula. Zii. Miyezi yonseyi ndakhala ndikumumwetsa chiyani? Bambo ndawauza. Angotuluka panja.

Loweruka, 11 Okutobala
Kuchipatala. Anamwino anafunafuna pamimba nthawi yaitali. Kenako ati, "Uyu apa, mtima ukugunda. Ndi waulesi chabe ngati bambo wake." Ndinalira ndi kuseka komwe. Za madzi ati tidikire zoyezazo.

Pobwera ndapeza chitsime chavindikiridwa ndi lata, miyala ikuluikulu pamwamba. Pakhonde zigubu ziwiri za madzi a pampopi wa kumsika, bambo atakhala pambali pake, malaya atanyowa ndi thukuta. Atandiona anaimirira, n'kukhalanso pansi.
"Alipo?"
Ndinagwedeza mutu. Ananditungira m'chigubu kapu yodzaza, n'kundipatsa.