Ndinakolola Pomwe Sindinalime

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Mankhwala azimwa akadya, osati m'mimba mulibe kanthu. Kuno thupi lili bwino, mtima ndiye ayi.

Paja ndinakuuzani kuti sopo wamadzi amene ndimapanga amayenda chifukwa cha anthu anayi ozungulira naye m'masitolo. Si antchito anga. Amadya gawo lawo pa botolo lililonse lomwe agulitsa, ndipo m'zikwama mwawo mumakhalanso katundu wa anthu ena. Ndinawasankha pakati pa anthu khumi ndi anayi, aliyense nditamufunsa mafunso ofanana. Woposa onse anali mayi wina amene anzake amamutcha Sapuma. Masitolo makumi atatu anali m'manja mwake.

Chovuta n'choti sankandilembera lipoti. Ndikamufunsa ankaseka, n'kunena kuti abwana a kukoleji timakonda mapepala, pamene sopo amayenda ndi miyendo. Zimenezi zinkandisowetsa mtendere. Ndiye Lachiwiri lina ndinapita ndekha kusitolo ina yaikulu kukaona ngati amafikako ndithu. Ndinapeza mabotolo athu ali pashelefu yapakati, opukutidwa bwino. Ndikanangobwerera pomwepo.

Mwini sitolo atadziwa kuti wopanga sopoyo ndine, anandipatsa mpando, n'kundifunsa chifukwa chodyetsera munthu wapakati pomwe eniake taonana maso ndi maso. Ndinawerengera m'mutu, ndinaona kuti tonse awiri tipindula, ndipo tsiku lomwelo ndinamuperekera makatoni asanu pamtengo wotsika. Achemwali, za Sapuma sindinaganizeko n'komwe. Chonsecho anayendera sitoloyo miyezi isanu ndi itatu mwiniyo asanalole kutenga botolo ngakhale limodzi.

Sapuma atamva, sanakalipe. Anabwera Lachisanu, anaika patebulo mabotolo oonetsera amene ankayenda nawo, n'kunena kuti sitolo ndi munda wa woyenda, ndipo ine ndakolola pomwe sindinalime. Anthu amenewa amakumana m'mawa uliwonse pokwerera basi. Pofika Lolemba atatu enawo anali atabwezanso katundu. Mmodzi ananditumizira uthenga wondifunsa ngati ndagula nsapato zolimba.

Ndayesa kuyenda ndekha. M'masabata atatu ndalowa masitolo makumi awiri ndi awiri, agula awiri okha. Ndikayamba kufotokoza mmene sopoyu amapangidwira, anthu amayang'ana kukhomo. Mwini sitolo uja tsopano akufuna nditsitsenso mtengo, poti wadziwa kuti ndilibe kolowera. Makatoni afika pawindo, makina ali zii, ndipo amayi awiri othira sopo m'mabotolo ndawauza kuti ayambe adikira kunyumba. Mmodzi ndi woyembekezera. Mwezi ukatha chonchi ndibweza makiyi a chipinda chopangiramo sopo, ndipo penshoni yanga ya zaka khumi ndi zisanu ithera m'makatoniwo.

Pempho langa ndi limodzi. Inu mwagulitsa zovala pamsika zaka makumi awiri, ntchito yomwe ine ndinkaipeputsa. Zomwe ndinanena mukuzikumbuka, ndipo ndikuchita nazo manyazi. Chonde bwerani, ngakhale masiku atatu okha, tipite limodzi kwa Sapuma. Ndamulembera kawiri kupepesa, koma sanayankhe. Mwamuna wake anandiuza pachipata kuti nkhani yotere salemberana, wolakwa amabwera ndi wamkulu wake n'kukhala pansi. Wamkulu wanga ndinu. Sindikudziwa ngati adzavomere. Tikakafika muzikalankhula ndinu, ine ndikakhala chete. Ya basi nditumiza mukangoyankha.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume ndi azakhali, ndi kwa ana onse. Amayi muwauze kuti mukubwera kudzaona mapasa. Zinazi musawauze kaye.

Ndine mlongo wanu,
Bambo a mapasa