Amene Asunge Kiyi wa Bwalo Lathu

Okondedwa Achimwene,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Muli bwanji inu, alamu ndi ana? Chifuwa cha wamng'onoyo chinatha? Ine kuno ndili bwino, thupi lilibe vuto. Ndalemba kalata chifukwa pafoni ndimangoti eya, eya, mpaka mwadula. Ndikamaliza ndiijambula n'kukutumizirani lero lomwe, poti nthawi yatha.

Mukudziwa kuti ife ogwira ntchito m'nyumba za anthu tinali ndi gulu pafoni. Tinkauzana kumene kwapezeka ntchito, kachotsedwe ka mafuta pa malaya oyera, ndi kupepesana wina akakalipiridwa. Mwezi watha mnzathu amene timamutcha Phokoso analemba kuti adona ake amawerenga mazira a mufiriji asanapite kuntchito. Tinaseka. Sitinadziwe kuti m'bale wa adonawo analowa m'gulumo ngati wofuna ntchito, ndipo nambala ya Phokoso inkaoneka poyera. Analemba Lachitatu, Lachinayi katundu wake anali pageti.

Titakumana, atcheya athu, Mayi a Mapasa, anati basi, tipeze bwalo lathulathu lokambirana pa intaneti, loti munthu azilowa ndi dzina lopeka, nambala osaoneka. Atafunsa woti afufuze, zala zonse zinaloza ine. Akuti ndine ndekha amene ndimawerenga kapepala ka m'bokosi la mankhwala mpaka kumapeto. Ndinafuna kunena kuti sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma iwo anali atayamba kale kuomba m'manja.

Ndinagula kope. Kwa sabata zitatu, masana ndikamaliza kusita, ndakhala ndikuwerenga. Chingerezi chikandikanika, foni imandimasulira, ine n'kukopera.

Zimene ndamva ndi izi, mundikonze ngati ndalakwa. Pamafunika zinthu ziwiri. China ndi pulogalamu, imene ili ngati mipando ndi malamulo a pabwalo. China ndi malo oisungira, kompyuta yosazima imene amati seva. Pulogalamu ndinasankha imene imatseguka msanga pa tifoni tathu totchipa, ndipo mlendo salowa mpaka atcheya amuvomere.

Malo ndiwo anandizunguza mutu. Alipo aulere, okonzakonza kale, koma m'malamulo awo, kumunsi kwenikweni, analemba kuti zolemba zathu aliyense wofufuza angazipeze, komanso angatitsekere tsiku lililonse. Alipo ena a lendi. Lendiyo si vuto, tilipo ambiri, tingasonkhe. Vuto n'lakuti pamafunika munthu wosamalira, woika zatsopano zikatuluka ndi kukopera zonse sabata iliyonse kuti zisatayike. Pakati pathu munthu wotero palibe.

Tsono tamvani kulakwa kwanga.

Lolemba ndinaiwala kope lija pa thabwa lositira. Abwana anabwera kudzatenga malaya, n'kulitsegula. Paja iwo ntchito yawo ndi ya makompyuta. Anaseka, nati sankadziwa kuti akusunga injiniya m'nyumba. Kenaka anati ndisavutike ndi za lendi, seva ali nayo yawo m'chipinda chowerengera, bokosi lakuda lija ndimalipukuta fumbi. Atiikira zonse ulere, pofika Loweruka zikhala zitatha. Anandifunsa ngati ndavomera.

Achimwene, ndinati eya.

Mayi a Mapasa atamva anavina pafoni pomwepo. Anati manyazi angawa tsopano abala zipatso, ndipo zaulere sakana.

M'mawa mwake ndikupukuta bokosi lija, dzanja linaima lokha. M'nyumba muno palibe amene anandiuzapo chinsinsi. Komabe ndikudziwa mapilitsi amene adona amabisa m'sokosi. Ndikudziwa masiku amene abwana agona pa sofa. Sindifufuza ayi, ndimangosesa. Wosamala nyumba amaona zonse ngakhale asakufuna. Ndinakawerenganso, ndipo ndinapeza kuti n'zoona: mwini seva angathe kuona nambala imene munthu analembetsera, dzina lopekalo silimubisa kwa iye.

Abwana si munthu woipa, musandimve molakwa. Koma mwa anzawo amene amabwera kudzaonera mpira pa balaza pano, atatu antchito awo ali m'gulu lathu. Mmodzi wa atsikanawo anandinong'oneza kuti akudikira bwalo litsegulidwe, afunse chochita ndi abwana ake amene amagogoda pachitseko chake adona akapita ulendo. Anandifunsa kawiri ngati palibe amene adzadziwe kuti ndi iye. Kawiri konse ndinamulonjeza. Ndiye taganizani, mpira uli mkati, mowa walowa, wina n'kuti tatiwerengereni zimene atsikana athu amatinena. Abwana angakane kangati?

Dzulo ndinayesa kubweza mawu anga. Ndinaima pakhomo la chipinda chowerengera ndi tiyi mpaka anazizira m'manja. Abwana atandiona anandiitana mokondwa, n'kundionetsa tsamba loyamba, dzina la gulu lathu lili pamwamba, maluwa m'mbali. Kenaka anapempha mayina ndi manambala a anthu onse kuti awalowetse okha, tisavutike. Ndinati kope limene muli mayinawo ndalisiya kwa mnzanga. Zaka zinayi ndili pano, limenelo ndi bodza langa loyamba. Kope lili pansi pa matiresi. Anati ndibwere nalo mawa Lachisanu.

Ndiye ndikupempha zinthu ziwiri.

Choyamba, mukhale inu wotisamalira seva ya lendi. Makompyuta a pasukulu panu mumakonza ndinu, izi sizingakukanikeni. Muli kutali, mabwana a kuno simukuwadziwa, nawonso sakudziwani. Ndikudziwa kuti inunso mudzatha kuona zonse. Anzangawo ndiwauza poyera kuti kiyi akhala ndi achimwene anga, avomere okha kapena akane. Inu mundilonjeze kuti mudzasesa osawerenga. Ngati simungathe, nenani, ndisakanamize anthu kachiwiri.

Chachiwiri n'chovuta kulemba. Mawa ndikukauza abwana kuti ayi. Mawu ake ndalemba papepala, ndipo ndawanena kasanu kwa thabwa lositira. Ndithokoza kaye, kenaka ndinene kuti bwalo la antchito silingakhale m'nyumba ya abwana. Mwina aseka. Koma adona ndikuwadziwa. Adzati ndine wosayamika, adzafunsa kuti ndikubisa chiyani chokhudza nyumba yawo. Mayi a Mapasa nawonso adzandikwiyira, sindinawauze zoti ndikukakana. Kachipinda kanga ka kuseri kamayenda limodzi ndi ntchito. Ngati katundu wanga afika pageti ngati wa Phokoso, kodi pachipinda cha ana pali mpata wa munthu mmodzi? Muwafunse alamu bwinobwino. Ndidzachapa, ndidzasita, sindidya zambiri.

Musandiuze kuti ndidikire kaye. Kaya mwayankha kaya simunayankhe, mayina a anzanga sakulowa m'bokosi lija.

Amayi musawauze msanga, BP yawo mukuidziwa. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, wamkuluyo mumuuze kuti diresi lake sindinaiwale. Mulungu akusungeni nonse. Ine mungondipempherera chimodzi, kuti mawa ndikaima pakhomo lija, ayi wanga atuluke tiyi asanazizire.

Ndine mlongo wanu,
Kamanyazi